Inshuwalansi ya a Shehe Lahcen

Liège, 9 Januwale 1994

Achimwene Allal,

Mtendere ukhale nanu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi, alamu anga a Kaltoum ndi ana. Ine ndili bwino, kungoti kuno kuzizira kwafika poti ukatuluka panja mano amayamba kucheza okha. M'mawa ndikamadutsa pogulitsira buledi ndimaima pang'ono kuti ndimve fungo, koma buledi wa kuno alibe utsi, ndiye sandikumbutsa kwathu mokwanira.

Ndatumiza ndalama kudzera ku positi. Musanayambe kuganiza za nsapato, werengani kalatayi mpaka kumapeto. Ndalamazi ndi za uvuni umene abambo anatisiyira. Muofesi ya inshuwalansi momwe ndimagwira ntchito muno mumalowa eni timabizinesi tsiku ndi tsiku, ngozi itawagwera. Ena amatuluka akupuma bwino, ena amatuluka akulira, ndipo chowasiyanitsa chimakhala kamzere kamodzi pa pepala. Tsono ndikaganiza kuti ife tili ndi moto woyaka kuyambira m'bandakucha, nkhuni zitaunjikidwa pambali pake, pansi pa denga la mitengo imene inaikidwa agogo asanamere ndevu, mtima sukhala m'malo.

Ndifotokoze pang'onopang'ono, poti inshuwalansi si bulangete lofunda thupi lonse. Ili ngati zovala, chipewa sichiteteza phazi. Yoyamba ndi ya moto, yoteteza nyumbayo ndi zanu zonse zili m'katimo. Kwa wogulitsa nsalu mwina imeneyi ingakwanire. Koma inu simugulitsa kanthu, achimwene, mulibe ngakhale buledi mmodzi wanuwanu. Mayi aliyense wa m'dera lathu amakanda ufa kwake, nkudinda chizindikiro chake ndi chala, nkutumiza kwa inu kuti mumuphikire. Zonse zolowa mu uvunimo ndi za eni. Choncho mufunika yachiwiri, ya katundu wa anthu ena amene ali m'manja mwanu, ndipo imeneyi ndiyo yaikulu. Buledi wa tsiku wamba akapserera mumangopepesa, nanga mathireyi a ukwati akapserera mudzapepesa ndi chiyani?

Palinso ya wantchito. A Jilali akhala akusonkhezera motowo kuyambira ine ndikukwawa, ndipo akadzavulala, za kuchipatala zidzakhala pamutu panu. Yotsiriza ambiri saidziwa. Imakupatsani kangachepe pa masiku amene uvuni watsekedwa chifukwa cha ngozi, poti mimba sitseka nawo.

Pitani kuofesi ina iliyonse ya kumunsi, m'tauni yatsopano. Musakanene kuti "lasirans" ngati oyendetsa matakisi. M'Chiarabu cha m'mabuku dzina lake ndi taamin, ndipo mukatchula limeneli akupatsani mpando. Akakupatsani pepala munditumizire fotokope yake.

Mundipsompsonere amayi pamutu.

Mlongo wanu,
Zhor

Taza, 20 Febuluwale 1994

Mlongo wanga Zhor,

Mtendere ukhalenso nawe. Tonse tili bwino, kupatula bondo la amayi, lomwe limapweteka pokhapokha pakakhala ulendo umene saufuna. Ramadani yatipeza, ndiye uvuni sukupuma, ndipo anthu a njala amakangana ndi ine ngati ndine ndimachedwetsa dzuwa kulowa.

Ndalama zinafika. Kalata inafikanso, wapositi anandifunsa ngati wayamba kulemba mabuku. Za taamin usade nkhawa, zinatheka mwezi watha. Zonse zinayi, moto, katundu wa eni, a Jilali ndi masiku otseka, palibe chimene tinadumpha. Amayi ndi amene anaiyendetsa nkhaniyi, ndipo sindinawaonepo atakondwa ndi ndalama zako chomwechi. Akuti pamapeto pake dziko la azungu lakuphunzitsa chinthu cha nzeru. Kunabwera anthu asanu ndi awiri, onse odziwa ntchito yawo, nauzungulira uvuni wonse mpaka kosungira nkhuni.

Panatsala kangachepe, ndiye ndagula kanjinga kamoto kakale. Usakwiye, ndi ka ntchito. M'mawa kamakana kudzuka, mlamu wako akuti katengera mwini wake.

Pepala lija ndikutumizira akakonza makina a fotokope. Ukapeza wobwera kuno umupatsire mafuta opaka bondo, ndi jekete lachikopa ngati lingapezeke lotsika mtengo. Ndanenepa pang'ono, usayezere pa chithunzi cha ukwati.

Mchimwene wako,
Allal

Liège, 16 Malichi 1994

Achimwene,

Idi yabwino kwa nonse. Kalata yanu yandikondweretsa kwambiri. Anthu asanu ndi awiri kudzaona uvuni umodzi? Kuno amatumiza mmodzi, ndipo mvula ikamagwa satsika nkomwe m'galimoto. Ndikuona kuti kwathu zinthu zikuyenda. Chimene chandidabwitsa ndi chakuti ndalama zinatsala, poti ine ndinkaopa kuti zichepa. Mwina anakuchotserani mtengo chifukwa cha amayi, iwo aja ngakhale wogulitsa mazira amawaopa.

Pepalalo ndilione, chonde. Sikuti ndikukukayikirani. Ndikufuna ndiwerenge timawu ta kumunsi, tomwe amalembamo zinthu zimene sadzalipira. Mafuta a bondo ali m'njira. Jekete lidikire pepala.

Zhor

Liège, 30 Meyi 1994

Achimwene,

Mtendere. Kodi makina a fotokope afa mu Taza monse? Ngati ndi choncho, ndiuzeni dzina la ofesiyo basi. Amayi ali bwanji?

Zhor

Taza, 18 Julaye 1994

Mwana wanga Zhor,

Mtendere ndi madalitso zikhale nawe. Woyankhula ndine mayi wako, wolemba ndi mlamu wako Kaltoum, poti Allal manja akumunjenjemera ndipo ndamuuza kuti apitirize kunjenjemera. Mafuta aja anafika, ndi abwino, akununkha ngati chipatala.

Uvuni wa abambo ako wapsa. Palibe wamwalira, tithokoze Mulungu. Zinachitika Lachinayi masana, a Haji Mfeddal atatsala masiku awiri kukwatitsa mwana wawo wamkazi. Unali tsiku la makeke. Azimayi a banja lawo anakhala akuumba makeke otchedwa nyanga za mbawala mlungu wathunthu, mtedza wake wa amondi woitanitsa kumwera, ndipo mathireyi anadzaza mashelefu mpaka ena kuwaika pansi. Panalinso nkhosa ziwiri zodikira kuwotcha. Mchimwene wako, poopa akuba, analowetsa kanjinga kake kaja m'kati nakaimika pafupi ndi nkhuni. Kanjingako kamadontha petulo ngati mwana wa chimfine. Zotsalazo uganize wekha, unapita kusukulu.

Theka la denga lagwa. A Jilali dzanja lamanja lapsa, ndevu ndi nsidze zapita, akuoneka ngati dzira. Ukwati unachitika ndi mabisiketi a m'sitolo, ndipo a kuchimuna, omwe ndi a mumzinda wa Fes, anawadya mwaulemu woti ukanakonda akanatukwana.

A Haji akuti atitengera kukhoti, pokhapokha tiwapatse kiyi wa uvuni nkhani ithe. Aliyense akudziwa kuti malo aja akhala akuwasirira kalekale, akufuna mwana wawo wamwamuna atsegulepo sitolo ya mawailesi akanema. Tilibe choti tingawalipire, ngakhale titagulitsa Allal.

Koma usalire, poti unatiganizira nthawi ilipo. Moto utazima ndinamuuza Allal kuti andiwerengere kalata yako yonse, ndipo ndinamva kuti anthu a taamin amalipira ngozi ikachitika. Izi sanandiuzepo. Ndinavala mkanjo wanga wabwino wa jelaba nkupita kwa a Shehe Lahcen kukatenga malipirowo.

Anandilandira bwino mpaka nditanena chimene ndabwerera. Anayamba akhosomola. Kenako anati, "Mayi Rkia, moto umene tinaupempherera uja ndi wa tsiku lachiweruzo. Uwu wa nkhuni sunalimo."

Ndinawafunsa za katundu wa eni. Anati anapempha kuti asabedwe, ndipo anandifunsa ngati pali chimene chabedwa. Za a Jilali anati anawapempherera moyo wautali, ndipo munthuyo si uyo ali moyo. Ndinaona kuti yachinayi ayankhanso mwaluso, ndiye sindinawapatse mpata. Ndinawakumbutsa kuti pa tsiku lija sanasiyanitse mitundu ya moto pamene ankapempha mbale yachiwiri.

Undilembere, iwe wodziwa, kuti kwanuko anthu otere mumawagwira potani.

Mayi wako,
Rkia

Alamu, apa ndikulemba ndekha, amayi apita kukaona mphika. Ndikuona kuti simukudziwa. Ndalama zitafika, achimwene anu anangonena kuti, "Zhor watumiza za taamin ya uvuni." Amayi anamva kuti mukufuna anthu adzanene amin pa uvuni. Anawalanda ndalamazo pompo, nagula nkhosa, naitana a Shehe ndi anzawo owerenga Kurani. Tinaphika kusikusi wodya dera lonse. Achimwene anu anaimirira ndi kalata yanu m'manja kumatchula zinthu zinayi zija chimodzichimodzi, a Shehe akupempherera, ife tonse tikuyankha amin. Achimwene anuwo ankadziwa bwinobwino. Anandiuza kuti akonza mawa lake. Atakhuta, mawalo silinafike. Musawauze kuti ndakuuzani, ngakhale sindikuopa.

Kaltoum

Liège, 29 Julaye 1994

Amayi okondedwa, ndi inu achimwene amene mukuwerenga,

Mtendere. Achimwene, kalata iyi muiwerenge yonse mokweza, alamu ali pompo akuyang'ana mzere uliwonse.

Ndalira chifukwa cha denga la abambo ndi dzanja la a Jilali. Ndasekanso, Mulungu andikhululukire, mpaka mnzanga wa muofesi kundibweretsera madzi.

Amayi, simunalakwe kumva. Mawu akuti taamin m'mabuku ali ndi matanthauzo awiri. Lina ndi lomwe inu mukulidziwa, kuyankha amin pemphero likatha. Lina ndi la ntchito yanga. Onse amachokera ku muzu umodzi, wonena za kukhala mosaopa, kungoti lina umalipereka kwa Mulungu, lina umaligula ku ofesi, ndipo la ku ofesi ndi limene limapereka lisiti. Achimwene matanthauzo onse awiri amawadziwa, poti sukulu anaisiya mochedwa kuposa momwe amanenera.

A Shehe Lahcen akanakhala kuno bwenzi atakwezedwa pa ntchito. Zimene anakuyankhanizo ndi zomwe ife timalemba m'timawu ta kumunsi tija, ndipo abwana anga zinawatengera zaka kuti azizinena osaphethira. Koma kunena zoona, amayi, mwa lamulo alibe nanu mlandu. Anaitanidwa kudzapemphera, anapemphera. Asiyeni.

Achimwene, ndikudziwa zimene mukuganiza, ndiye ndiyankhiretu. Ayi, simungapite lero kukagula inshuwalansi nkunena kuti moto wachitika mawa. Imagulidwa ngozi isanabwere, ndipo njira inayo imathera kundende. Chimene mungachite ndi ichi. Musasayine pepala lililonse la a Haji, ndipo kiyi akhale pa lamba wa amayi. Khoti limachedwa, koma likafika a Haji adzapambana, poti mathireyi anali m'manja mwathu. Ndalama zimene ndimasungira ulendo wa kwathu chaka chino ndazitumiza m'dzina la alamu, ndi za dzanja la a Jilali. Za makeke ndi denga sindingazithe, ndipo sindikudziwa kuti titani. Ndi koyamba kulemba mawu amenewa m'kalata, musawazolowere.

Mwana wanu,
Zhor

Taza, 28 Ogasiti 1994

Mlongo wanga,

Mtendere. Kalata yako ndinaiwerenga yonse, mlamu wako ataima kumbuyo kwanga ngati wapolisi. Sindiyankha zonse. Ndingonena kuti munthu akafuna kumveka amalemba mwachidule.

Unati amayi awasiye a Shehe. Pamenepo amayi anandiuza kuti ndibwereze, nditabwereza anati ndawerenga molakwika. M'mawa mwake ananyamula chikopa chawo cha nkhosa, ketulo ndi kambaula, nakakhala pakhomo pa a Shehe. Bondo silinapweteke. Sanatukwane, sanagogode. Ankangofulula tiyi wawo, kusenda nandolo ndi kupereka moni kwa odutsa. A Shehe akamatuluka kupita kumzikiti ankachita kulambalala miyendo yawo, iwo nkuwafunsa mwaulemu kuti adzuka bwanji. Dzuwa likapendeka ankabwera kunyumba, m'mawa nkubwereranso.

Ukudziwa kuti anthu amapita kwa a Shehe ndi mphatso ya mitu ya shuga woumba, uyu mwana akulemba mayeso, uyu ng'ombe yadwala, uyu mwamuna wasiya kutumiza ndalama kuchokera ku France. Tsono aliyense asanalowe ankayamba wapeza amayi pakhomo. Akawafunsa chimene akudikira, ankayankha kuti anagula amin m'mwezi wa Januwale, akudikira kuti apse. Kenako ankawalangiza kuti akalowa afunsitse bwino, ngati ndi mayeso atchule kuti ndi a sukulu, poti mwina awapempherera a tsiku lachiweruzo. Ambiri ankabwerera ndi shuga wawo. Uwonjezerepo kuti azimayi onse a m'dera muno tsopano amatsika masitepe aatali opita ku tauni yatsopano ndi mathabwa a buledi pamutu kukaphikitsa kumunsi, nkukweranso dzuwa lili pamutu. Pofika pakhomo pa a Shehe amakhala atapsa mtima kale, ndipo amayi amawapatsa tiyi.

Mlungu wachiwiri akazi a Shehe anatuluka kudzawapempha kuti alowe m'nyumba. Amayi anati panja pali mphepo yabwino. Mlungu wachitatu a Shehe eniake anakhala pansi pambali pawo, anthu akuona.

"Mayi Rkia, mukufuna chiyani kwenikweni? Ndalama ndilibe."

"Ndikudziwa. Koma muli ndi pakamwa. Ndinalipira pakamwapo."

Lachisanu lotsatira ulaliki unali wa munthu wodya chuma cha ana amasiye. Anafotokoza za moto umene ukumudikira, ndipo ulendo uno ananena momveka bwino kuti ndi moto uti. Sanatchule dzina, koma anatchulapo za mawailesi akanema, zomwe sindikukhulupirira kuti zili m'mabuku. A Haji anali pa mzere woyamba. Wamasiyeyo ndinali ine, mlongo wanga, ndi imvi zangazi ndi mimbayi. Anthu ankanditembenukira ndi chisoni, ine nkuweramitsa mutu momwe ndikanathera.

Madzulo ake a Shehe anandigwira dzanja mpaka kwa a Haji. Tinamwa tiyi katatu nkhani isanayambe. A Haji anati iwo za khoti sanazinenepo, anthu amangokonda kuwonjezera. Tagwirizana kuti ndiziwaphikira buledi ndi zonse za m'nyumba mwawo ulere mpaka mwana wawo wokwatiwayo adzabereke. Ndikupempha kuti nawenso uzimupempherera mtsikanayo, poti banja lija limadya.

Za denga a Shehe analengeza mumzikiti, ndipo amuna amene atopa ndi madandaulo a akazi awo anasonkha mwachangu. Sizinakwane, ndiye mitengo ina ndi yakale ndipo kanjinga ndakagulitsa kwa ogula zitsulo. A Jilali dzanja likupola, nsidze imodzi yayamba kumera.

Jekete lija ukhoza kutumizabe.

Allal

Liège, 10 Seputembala 1994

Amayi, achimwene ndi alamu,

Mtendere. Ndawerenga kalata ija katatu. M'maphunziro onse amene ndachita palibe pamene anatiphunzitsa njira ya amayi, ndipo ndikupempha Mulungu kuti anthu a kuno asaidziwe.

Komabe a Shehe sangalalikire za ana amasiye chaka chilichonse. Ndalankhula pa foni ndi ofesi ina ya m'tauni yatsopano, ndipo ndalipira ndekha, molunjika, ndalama osadutsa m'thumba la munthu aliyense wonenepa. Kubwera bambo wina kudzaona uvuni denga likatha. Ndatenga ya moto, ya katundu wa eni ndi ya a Jilali. Ya masiku otseka idikire chaka chamawa, thumba lakana. Mudziwe kuti ngozi ikakhala yaing'ono, gawo loyamba mumalipira nokha, ndi mmene amachitira kuti anthu asamabwere kudzalira buledi mmodzi. Mudziwenso kuti petulo akapezeka m'kati, salipira kanthu. Achimwene, mzere umenewu muuwerenge kawiri.

Pepala lisungidwe ndi alamu.

Zhor

Taza, 6 Okutobala 1994

Mwana wanga Zhor,

Mtendere ndi madalitso. Ndine mayi wako, wolemba ndi Kaltoum. Uvuni wayaka Lolemba. Buledi woyamba kulowa anali wa a Haji, wachiwiri wa akazi a Shehe, ndipo ndamuuza Allal kuti ameneyo azimulipiritsa monga aliyense.

Munthu wako uja anabwera. Anali yekha, wowonda, wa taye. Ndinamuikira chakudya, anati wadya kale, ndipo sindinamukonde. Munthu amene sanadye zako umamugwira potani? Anayeza makoma, analemba, nandiuza kuti tsopano ndizigona mtendere. Ndinamutengera pakamwa pa uvuni nkumufunsa kuti moto umene walemba m'pepalamo ndi uti. Anaseka. Ndinamuuza kuti auloze ndi chala, anene mokweza pamaso pa Kaltoum ndi a Jilali kuti ndi womwewu wa nkhuni. Analoza, ananena. A Jilali anayankha amin, chizolowezi.

Kenako ndinamufunsa kumene amakhala. Anati iye ndi wotumidwa chabe, olipira ali ku Casablanca, m'nyumba yosanja. Allal akuti kumeneko ndi ulendo wa tsiku lonse pa sitima. Palibe kanthu, bondo likupeza bwino.

Tsono ukamayankha usachulutse mawu, mwana wanga. Undilembere keyala yawo ya ku Casablanca, dzina la mkulu wawo, ndiponso undifufuzire ngati pakhomo pawo pamakhala mthunzi masana.

Mayi wako,
Rkia